Ulusi Unalowanso pa Singano

Inu amene vuto limakubwererani mukuti lapita, tamvani za mayi wina wosoka zovala.

Tsiku limene ulusi unakana kulowa pa singano, mayiyu anakhala pansi n'kulira. Anadziwa kuti chotupa chamadzi cha mu ubongo chabwereranso ndipo chikupanikiza mitsempha ya maso. Anali atachitidwa kale opaleshoni kawiri. Pamakina panali diresi laukwati la mwana wake, lodula koma losasoka.

"Amayi, tingogula lina," mwanayo anatero.

"Ana a eni ndawaveka zaka zonsezi. Wanga yekha akavale zogula?"

Kuchipatala anapita mokoka miyendo. Atamva za opaleshoni yachitatu, anapukusa mutu.

"Adokotala, mutu wangawu mwauika zipi kapena?"

Dokotala anaseka, kenako anafotokoza mofatsa. "Maikulosikopu imene timaonera pochita opaleshoni imakulitsa bwino, koma imaona molunjika basi. Kachikopa ka chotupacho kakatsalira pakona, chimameranso. Ulendo uno tiwonjezera endosikopu, kachubu kokhala ndi kamera kunsonga, kosuzumira m'makona."

Mayiyo anakumbukira ntchito yake. Iye chiyambireni kusoka sanaperekepo chovala asanachitembenuze, chifukwa msoko umanamiza ukauonera kunja kokha.

"Ndiye kuti kawiri konse simunatembenuze?"

"Tinalibe chotembenuzira, mayi."

"Chabwino, tsegulani. Koma mutembenuze ndithu."

Mantha anali nawo, tisaname. Mpaka pakhomo la chipinda cha opaleshoni anagwira dzanja la mwana wake osalisiya.

Mayiyo atatsitsimuka, dokotala anamuuza kuti pa maikulosikopu zonse zinkaoneka zoyera, koma kamera inapeza kachikopa katabisala kuseri kwa mtsempha. Anakachotsa.

Maso sanabwerere tsiku limodzi. M'mawa uliwonse ankatenga singano, n'kunyambita ulusi, n'kuphonya. Mwana akati amulowetsere, ankakana, pajatu anthu osoka amakula mtima. Masabata asanu anapita choncho.

M'mawa wina ulusi unalowa. Mayiyo sanakuwe. Anauyang'ana ukulendewera, misozi ili chuchuchu, kenako anaitana mwana wake.

"Bwera ndikuyezenso, mwanawe. Waonda ndi nkhawa zanga, diresili likukhwepa."

Pa tsiku la ukwati, mkwatibwi anavala zosoka amayi ake.

Nanunso, ngati vuto lakubwererani kachitatu, sikuti mwatha. Mwina pali kona imene simunasuzumiremo. Musataye mtima, tengani singano muyesenso.