Mbava Zolapa za Mayi Evangelina

Mayi Evangelina Mbewe anabadwira ku komboni ya mgodi ya Madumabisa, ndipo moyo wawo wonse wathera pochapa maovololo a okumba malasha ndi kukalipira ana a eni. Mu 2006 analanda mdzukulu wawo Mthokozisi buku la zithunzi la ku Japan, la achinyamata akuba mwamatsenga.

Atalitsegula, anaseka mpaka misozi. Mbavazo zinkabweza katundu, nyumba zogumuka zinkadzuka, ophedwa ankauka! Lachinayi anathamanga nalo kwa amayi a Mvano, onse n'kuimba nthungululu.

Gogoyo atabwerako, Mthokozisi anati, "Gogo, mabuku a ku Japan amayambira kumapeto. Anawa sakubweza, akuba."

"Choka apa iwe!" anatero gogoyo. "M'manja mwangamu alapa, ndipo alapiratu."