Buku la masiwiti lothera panjira

Bukulo ndinalitola pamulu wa salaula kumsika wa Kapata, pakati pa mabuku achizungu onunkha chinyezi amene amabwera limodzi ndi mabelo a zovala. Mwana wanga wamkazi anali chigonere masiku amenewo, mwendo uli m'pulasitala atagwa mumtengo wa mango, ndiye ndinati limuiwalitseko ululu.

Ndikaweruka kuntchito ndinkamuwerengera, uku ndikumasulira m'Chinyanja. Nkhani yake inali yokoma, ndisaname. Kamtsikana kena kanatola botolo la masiwiti amatsenga. Yofiira ukaiyamwa umamva zokamba za mbalame, yobiriwira imakuchepetsa ngati nyerere. Mlongo wake anaba yakuda n'kusanduka mwala, ndipo buku lonse kamtsikanako kanali kufunafuna yoyera yoti imudzutse. Mwana wanga ankakana kudya mpaka titawerenga. Funso lake linali limodzi, ngati mnyamatayo adzadzuke. Ine ndi pakamwa pangapa ndinalumbira kuti adzadzuka, mabuku a ana satha moipa.

Tinafika patsamba lomaliza. Kamtsikana kaipeza siwiti ija, kakuiika pamilomo ya mwala, basi. Pansi pake analemba kuti zotsatira zili m'buku lachiwiri. Ndinaligwedeza bukulo poganiza kuti mwina tsamba lina lamatirira. Ati buku lachiwiri! Wolembayo ankayesa kuti ku Chipata mabuku amabwera mondondozana ngati ana a sukulu? Kuno belo likatsegulidwa umatenga chimene wapeza, nsapato imodzi kuno inzake ili ku Lundazi. Zinandiwawa, ndipo mpaka lero zimandiwawa. Sungaitane ana kuphwando n'kuwatsekera chitseko atasamba kale m'manja.

Mwanayo sanalire. Anangondiyang'ana n'kutembenukira kukhoma. Ndinayesa kupeka mathero, koma anandidula kuti buku silikamba choncho. Ndinafukula milu yonse ya m'tauni, ndinatuma ngakhale alamu anga oyendetsa thiraki kuti akawoloka malire pa Mwami akandiyang'anire ku Lilongwe. Anandibweretsera buku la masamu.

Lachiwirilo ndinalipeza patapita zaka, lopanda ndi chikuto chomwe. Ndinathamanga nalo kunyumba ngati wamisala. Mwanayo ndinamupeza akusita yunifolomu ya kusekondale. Analilandira, kuyang'ana tsamba loyamba, n'kundibwezera mwaulemu ndi manja awiri.

"Amayi, kapatseni ana a paneba. Ine ndinaleka kudikira."