Kangaude Wobereka Ana Kumbuyo

Ndikukumbukira chaka chimene tinabwerera ku Chiputo kuchokera ku Zambia nkhondo itatha. Ndinali mtsikana wa zaka khumi ndi ziwiri, koma anandiika m'kalasi ya tiana chifukwa Chipwitikizi ndinkangochimva ngati mvula padenga. Sikola yathu inali yofolera ndi udzu, tinkakhala pa mitengo yogoneka, ndipo aphunzitsi athu, amene tinkawatcha apulofesolo, bambo woonda wa magalasi omanga ndi ulusi, sankalola Chinyanja ngakhale pang'ono m'kalasimo.

Tsiku lina anajambula kangaude pabolodi n'kutiuza kuti akangaude onse amaluka ukonde, ndipo akaikira mazira amawasiya. Apa ndiye ndinalephera kuugwira mtima. Amayi anali atandiphunzitsa kale kusiyanitsa akangaude tikamalima kudimba: wa ukonde wa kutsindwi, wophwatalala wa pakhoma, ndi wina wotuwa wa pansi, wa mizere kumsana, amene saluka ukonde koma amathamangitsa chakudya chake ngati galu. Ameneyu amayi ankamutcha nabereka, poti amabereka ana ake kumbuyo. Ndinakweza dzanja n'kuyesa kufotokoza ndi Chipwitikizi changa chothyokathyoka, kwinaku ndikuloza kumsana kwanga. Kalasi yonse inafa nacho chiseko. Apulofesolo anangoti, "Mentiroza," kutanthauza wabodza, ndipo anandigwaditsa pakhomo mpaka nthawi yoweruka.

Kugwadako sikunandipweteke kwenikweni. Chinandiwawa ndi dzinalo, chifukwa tiana ta mamina tinayamba kundiimbira nalo nyimbo m'njira monse. Ndinauza amayi kuti kusikola sindidzapondakonso. Iwo sanasiye n'komwe kupeta mphale. "Ukasiya, dzinalo ukalamba nalo. Kodi akangaudewo asamuka kudimba?"

Kuyambira pamenepo, ndikaweruka ndinkathamangira kudimba kukavundukula mapesi owola ndi zibuma. Mpaka lero fungo la dothi lonyowa ndi masamba a tomato limandikumbutsa masiku amenewo. Ndinagwira ambiri olakwika, ena a miyendo ngati ulusi, ena odumpha. Ndinaphunzira kugona chafufumimba n'kumawayang'ana kumaso, pakuti nabereka weniweni ali ndi timaso tinayi tondandalika pansi, maso awiri aakulu pamwamba pake, ndi ena awiri chakumbuyo. Tsiku lachisanu ndinapeza wina akukoka kampira koyera kumatako, kofanana ndi njere ya nandolo. Kumsana kunalibe ana ndipo ndinafuna kumutaya, koma amayi anati mazira ali m'kampiramo, ndingodikira.

Ndinamuika m'chigoba cha malambe pamodzi ndi dothi ndi kathonje konyowa, n'kutseka ndi chitsononkho. Kwa masabata awiri ndinali wantchito wa kangaude, kumugwirira ntchentche ndi tiziwala, ine amene ndinkazemba ngakhale kutsuka mbale. Kusikola ndinkapitabe, ndikukukuta mano. M'mawa wina nditatsegula, ndinapeza kampira kaja katang'ambika, msana wa nabereka utadzaza tiana tounjikana ngati mawere.

Sindinapemphe chilolezo. Ndinangofika pagome la apulofesolo n'kukhuthula chigobacho pa kadeno yawo, buku lawo lolembamo. Iwo anawerama, nakonza magalasi, ndipo anakhudza msana uja ndi choko. Tiana tinangoti balala mbali zonse! Anzanga anathawira panja akukuwa, ndipo bambo wamkulu uja anadumphira m'mbuyo mpaka kugwetsa mpando. Koma kangaudeyo sanathawe. Anaima pomwepo atatambasula miyendo, ndipo pang'onopang'ono tiana tija tinayamba kubwerera, kumakwera miyendo ya mayi wawo kamodzikamodzi.

Apulofesolo anayang'anitsitsa tianato. Kenaka anaitana ana onse kuti alowe, natembenukira kwa ine, n'kulankhula m'Chinyanja chomwe iwo eni analetsa. "Mwanawe, sunaname. Ndinalakwa ndine." Anandipatsa choko kuti ndijambule kangaude wanga pabolodi, maso ake onse asanu ndi atatu. Misozi inali chuchuchu, moti chimene ndinajambulacho chinkaoneka ngati kamba. Palibe anaseka. Madzulo ake ndinakamubweza nabereka kudimba ndi ana ake amene anatsala.

Masiku ano mwana wanga ku Fingoe akaona kachirombo amangokajambula ndi foni, ndipo nthawi yomweyo imamuuza dzina lake. Ndi iyeyo anandionetsa kuti anabereka alipo mitundu yambirimbiri, ina ya m'mauna, ina ya m'mphepete mwa madzi. Ndimakondwa kuti iye safunika kugwada kapena kusaka ntchentche kuti amukhulupirire. Koma zina sizinasinthe msanga ngati mafoni. Ndakula, ndakhala pamisonkhano ya kusikola, ya kutchalitchi ndi ya pamudzi, ndipo sindinamvenso munthu wamkulu akuuza mwana pagulu kuti ndinalakwa ndine.