Mphaka Padenga Tsiku la Sabata

Kwa zaka zambiri ndinkaphunzitsa ana a sekondale kuti m'nkhalango zowirira za mvula yambiri mulibe wosesa. Nyama ikafa, miimba, nyerere ndi mphutsi zimagwira ntchito, pakatha masiku ochepa pamatsala mafupa okha. Ndinkafotokoza mokhudzika, choko chili mbuu pajekete. Koma ndikafika kunyumba ku Chelstone ndinkatenga legeni n'kuyamba nkhondo ndi akhwangwala, chifukwa ankang'amba matumba a zinyalala pageti. Ndinapambana. Anasamuka onse, ine n'kumadzitama.

Ndiye linafika Sabata lina la Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Makolo a mnyamata wofuna kukwatira mwana wanga wamkazi ankabwera kudzadya nafe koyamba. Mwana wangayo anayamba kukolopa nyumba Lachitatu, mtima uli m'mwamba. Anandipempha kuti tsiku limenelo lokha ndisamuchititse manyazi. Pochokera kutchalitchi, fungo linatilonjera pageti. Mphaka wa eni anali atafera padenga la khonde lomwe tinayalapo tebulo, ndipo malata anali atamuphika.

"Ba dadi, chosani chija chintu, bazafika manje manje!" anatero mwana wanga.

Vuto n'lakuti ndine mkulu wa mpingo, ndipo mwezi womwewo ndinali nditadzudzula mnansi wathu pagulu chifukwa chotsuka galimoto pa Sabata. Kugwira makwerero ndi fosholo pa Sabata ndi ntchito, palibe pothawira. Ndinaima pabwalo ndi suti yanga, khosi lili chagada. Ndivomere: ndinapemphera kuti akhwangwala abwere. Ndinamwaza ndi nyenyeswa za buledi zomwe. Awiri anatera mumtengo wa mapeyala wa mnansi uja, anandiyang'ana cham'mbali, anandizindikira, n'kuuluka.

Ndinakwera. Ndili pamwamba, mphaka akulendewera pafosholo, galimoto inaima pageti. Mnansi anali kale pampanda, atapinda manja, akuonerera mwachifatse.

Bambo a mnyamata anatsika, n'kukweza maso, n'kundilonjera. "Shani ba elda? Ise ku Kabwata iyi nchito timasiila ma kwangwala. Kuno kulibe?"

"Yaliko," ndinayankha, "koma sitimvelana."

Onse anaseka, inenso ndinaseka nawo mokweza kuposa aliyense, poganiza kuti ndaiphula. Mwana wanga yekha sanaseke. Anaperekera chakudya atagwada, fungo likadali m'khondemo, alendo akudya pang'onopang'ono mwaulemu. Sanandiyang'ane ngakhale kamodzi.

Alendo atapita ndinamutsatira kukhitchini, nthabwala ili kale pamlomo. Anali ataima pasinki, atandifulatira.

"Ba dadi," anatero motsitsa, "nenze napempha chabe siku imozi."

Nthabwalayo ndinaimeza. Manyazi anandigwira pamenepo, osati padenga paja.