Chitenje cha mabowo

Dzino langa lakutsogolo ndi lobenthuka, ndipo anthu akandifunsa ndimati ndinagwa panjinga. Limenelo ndi bodza. Ndinalibenthula ndekha pobereka mwana wanga woyamba, nditaluma chitenje.

Alangizi anatiphunzitsa kuti mkazi weniweni salira pobereka. Ululu ukafika, umapinda chitenje, n'kuchiika m'kamwa, n'kuluma. Ine ndinaluma tsiku lathunthu. Apongozi anga, mayi a mwamuna wanga, anachichapa chitenjecho n'kuchisunga, ndipo ankaonetsa anzawo akutchalitchi mabowo a mano anga. Iwo ankanyadira, pomwe ine sindinkafuna n'kuchiona komwe.

Pamimba yachiwiri, nesi wina kusikelo anatiuza kuti pali jekeseni yochepetsa ululu. Anati siuthetsa wonse ayi, komanso imaperekedwa nthawi ikadalipo, mwana asanayandikire. Azimayi anzanga anaseka, wina n'kuti zimenezo ndi za madona a ku Lusaka. Ine sindinaseke. Ndinabwerera kunyumba nditatsimikiza mtima, osauza munthu.

Masiku atakwana tinakwera minibasi kupita ku Mpanshya, ine ndi apongozi. Tili kunyumba yodikirira pafupi ndi chipatala, ndinatsegula chikwama kufuna sopo. Pamwamba penipeni panali chitenje chija, chosita bwino.

"Amayi, ichi n'chachani?" ndinafunsa.

"Chinakuthandiza poyamba," anatero apongozi. "Manje uzaonetsanso kuti ndiwe wathu."

Ndinkawakonda mayiwa, ndipo ndinkaopa kuti akandiona ngati mkazi wofooka, tidzakhala mpanda umodzi osayang'anana. Komabe mano anga ndinkawafunanso.

Matenda anayamba m'mawa, anthu akutuluka ku Misa. Pofika masana msana unali ngati akuuwaza ndi nkhwangwa. Apongozi anandiperekeza mpaka pakhomo la wodi, n'kundifumbatitsa chitenje. Ndikanatha kulowa kaye n'kukanong'oneza nesi, iwo osamva. Koma ndinali nditatopa ndi kubisa, ndipo mkwiyo unandikwera.

"Ba sista, nifuna jekeseni ija," ndinatero mokweza, mpaka azimayi apabenchi anatembenuka.

"Iwe!" apongozi anandigwira mkono. "Anthu akumva!"

"Amve," ndinayankha, n'kuwabwezera chitenje chawo.

Nesi anandipima, anati nthawi ilipo, nandibaya. Ululu sunathe, ndisaname. Unangobwerera pang'ono moti ndinatha kupuma. Pamapeto ndinakuwa ndithu, ndipo ndikukhulupirira kuti ogulitsa nthochi kumsewu anandimva. Dzuwa lisanalowe ndinali ndi mwana wamkazi.

Apongozi analowa osandiyang'ana. Ananyamula khanda, naliwerenga zala. Ndinali nditakonzeka kukangana nawo, mawu ali kale pakamwa.

"Yenze kuthandiza?" anafunsa motsitsa mawu za jekeseni ija.

"Pang'ono, amayi."

Anagwedeza mutu. Kenako anakoka tsaya lawo ndi chala n'kundionetsa mpata waukulu kumbuyo, pomwe ndinkaganiza kuti ukalamba ndiwo unachotsa mano.

"Ana seveni," anatero. "Palibe ananifunsa."

Anatambasula chitenje chija pabedi, nachipinda pawiri, n'kumuveka mdzukulu wawo ngati thewera.