Khungu la Vennila

A Sudalai anapaka anthu nkhope kwa zaka makumi atatu m'nyumba zojambulira mafilimu za ku Chennai. Kwenikweni ntchito yawo inali yoyeretsa. Ankati akalandira wosewera woderako, ankamudzoza zodzoladzola mpaka kuyera mbee, mabwana n'kumati, "Dzanja la Sudalai ndi lodala." Eniakewo anali akuda bii, koma za zimenezo sankaziganizira. Ankangoti ntchito ndi ntchito.

Akazi awo anamwalira mwana wawo mmodzi yekhayo, Vennila, ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Anamulera okha, kumuluka tsitsi m'mawa uliwonse asanakwere basi. Anzake kusukulu akamutcha khwangwala, ankabwera akulira, ndipo bambo ake ankangomukhazika pamiyendo. Akanati chiyani, munthu wodyera kuyeretsa anzake?

Chaka chimene Vennila anakwanitsa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, kampani ina inalengeza filimu ya mtsikana wa m'banja la asodzi amene amapeza mphamvu zodabwitsa, n'kumauluka, kulimbana ndi akuluakulu ogwetsa nyumba za amphawi. Zisankho zinali pafupi, ndiye aliyense anasanduka bwenzi la asodzi. Wotsogolera filimuyo, a Raghavan, anayankhula pa wailesi yakanema misozi ili lengelenge, kuti nthawi yakwana yoti mwana wakuda adzione yekha pa kanema. Anati sakufuna mwana wa munthu wotchuka, akufuna mtsikana weniweni wakhungu la kwathu kuno.

Vennila anakhulupirira. Atsikana masauzande anakayesedwa, iye n'kudutsa mpaka anatsala atatu okha. Madzulo aliwonse ankayeserera kudumpha kuchokera pa thanki ya madzi, mawondo onse mabala okhaokha.

"Ababa, akandisankha mudzandipaka ndinu, eti?"

"Ndikupake chiyani iwe? Ine ndidzangokupukuta thukuta."

"Aaa, ulesi basi!"

Kenako kunangoti zii masabata atatu. Lolemba lina foni inalira, a Sudalai n'kuuzidwa kuti abwere ndi zipangizo zawo, abwerenso ndi mwana. Vennila anavala diresi yake ya paphwando, n'kuika maluwa m'tsitsi. M'basi monse ankangoseka yekha.

Atalowa m'chipinda chopakira anapeza pampando wa pagalasi pali kale mtsikana wina, Nivedha, mwana wa wosewera wotchuka, woyera ngati mkaka. Anawapatsa moni mwaulemu ndithu. Mwanayo analibe mlandu.

A Raghavan anawagwira a Sudalai paphewa. "Madala, inu ndinu wamkulu, zinthuzi mumazidziwa. Eni ndalama akuti nkhope yosadziwika siidzaza holo. Ndalimbana nawo, ndatopa. Komatu mwana wanuyu, eee, khungu lake ndi lomwe timafuna lija ndendende. Aime apa pafupi, inu musakanize utoto, mnzakeyu afanane naye."

Munthu wamanyazi akanangopempha chithunzi. Koma ayi, a Raghavan anafuna mwanayo abwere mwiniwake, aime pounikira bwino.

A Sudalai anafuna kutseka bokosi lawo, kugwira mwana wawo padzanja n'kutuluka. Koma pakamwa pamene pazolowera kunena kuti "chabwino bwana" kwa zaka makumi atatu sipaphunzira mawu ena tsiku limodzi. Anangoima, maso pansi.

Amene anayamba kusuntha anali Vennila. Anachotsa maluwa m'tsitsi, n'kupita kukaima pambali pa mpandowo, n'kutambasula mkono.

"Yambani, Ababa. Anthu akudikira."

Anasakaniza. Ankayesa utoto pang'ono pamkono wa mwana wawo, kuonjezera wofiirira, kuyesanso, mpaka utoto unasowa pakhungupo osaonekanso. Akanatha kulakwitsa dala, koma manja awo sankadziwa kugwira ntchito yoipa, ndipo chimenechi ndicho chinawapweteka kwambiri. Anamupaka Nivedha mphumi, masaya, makutu, mikono. Nivedha anakhala phee, osayerekeza kuyang'ana kumbali.

"Taonani!" anafuula a Raghavan, akuitana anzawo. "Ngati mapasa! Madala, ndinu mfiti inu."

Onse anaomba m'manja. Vennila anayang'anitsitsa m'galasimo nthawi yaitali, maso ali gwa, opanda msozi. Kenako analoza ndi chala.

"Mwasiya pakhosi, Ababa. Pakuonekabe poyera."

A Sudalai anaviikanso burashi.