Mawaya a bwato la bambo

Ndikukumbukira bwato lomwe linakhala kuseri kwa nyumba yathu ku Guilleme, nkhuku zikuikiramo mazira. Bambo anali atabwerako ku Beira, komwe ankagwira ntchito m'mabwato oyenda ndi mphepo, ndipo maso awo anali atayamba kuchita mdima. Ankafuna chinthu chimodzi basi, kuyendetsanso bwato, ngakhale padamu la esiteti ya fodya, maso asanatheretu. Anthu ankaseka. Bwato ku Mchinji?

Mlongoti unali wa bulugamu, thanga logwira mphepo linali la matumba a feteleza. Koma mtima wawo unali pa mawaya ochirikiza mlongotiwo. Ankapisa kachitsulo pakati pa waya wopinda pawiri n'kumapotokola pang'onopang'ono, kenako n'kumukoka ndi chala kuti alire, mutu atapendeketsa.

"Tamvera, mwanawe. Wakumanja ndi wakumanzere aziimba mofanana. Ukakungitsa, bwato ling'aluka. Ukalekerera, mlongoti ugwa."

Ine ndinkagona chagada m'bwatomo, phula likununkhira, kuyang'ana nsonga ya mlongoti ikukanda mitambo. Ku Beira ndinkafikako osachoka pakhomo.

Tsiku lina amayi anachapa mabulangete, ndipo posowa poyanika anaona waya wokungika bwino uja. Pomwe bambo ankabwera, amayi anali atayanula kale, koma bambo atangomukoka, wayayo analira mwaulesi.

"Anaphiri, mwayanika pa bwato langa?"

"Nanga waya wabwino chonchi azingokhala?"

Sanakalipe. Anayang'ana kumwamba nthawi yaitali, kenako anati chapansipansi, "Nsonga ija sindikuionanso." Ndinamva chisoni chomwe sindinkachidziwa. Kuyambira pamenepo tinagawana ntchito: iwo kupotokola ndi kumvetsera, ine kugona patsinde n'kumawauza ngati mlongoti waongoka.

Bwatolo tinalitengera kudamu pangolo, ana a m'mudzi monse ali pambuyo. Mwera utawomba, matumba aja anafufuma, bwato linapendekeka, mtima wanga uli m'mwamba. Mlongoti sunagwedere. Mawaya anayamba kuimba okha, ndipo bambo anatsinzina, akumwetulira, dzanja lili pa waya wakumanja. Mvula ya chaka chimenecho sanaione, anangoimva.

Lero damu lija ndi madimba a tomato, ndipo ana anga amaonera mabwato pafoni. Amandiseka chifukwa sindidutsa waya woyanikapo zovala osamukoka ndi chala. Sadziwa kuti ndimakhala ndikufunafuna mawu a bambo, ndipo mpaka pano sindinapeze waya wolira ngati uja.